Mbiri ya nyuzipepala zoyendera thandizo ku America

Kwa zaka zoposa 100, nyuzipepala za m'mizinda ndi m'matauni a ku America zinkayendera ndalama za otsatsa malonda. Wowerenga ankalipira zochepa. Malipiro a atolankhani ankachokera kwa eni masitolo, ogulitsa magalimoto ndi nyumba, komanso anthu wamba olengeza ntchito ndi katundu m'timizere ta kumasamba omaliza. Intaneti itafika, timizere timeneti tinasamukira kumalo aulere monga Craigslist, ndipo otsatsa akuluakulu anathamangira ku Google ndi Facebook. Mu 2005 nyuzipepala zinkapata madola pafupifupi 49 biliyoni pachaka kwa otsatsa, koma pofika 2022 ndalamazo sizinkakwananso 10 biliyoni. Kafukufuku wa sukulu ya utolankhani ya Medill akusonyeza kuti kuyambira 2005 nyuzipepala zoposa 3,000 zatha, ndipo maboma ang'onoang'ono oposa 200 alibiretu wowalembera nkhani. Kumeneko khonsolo imakweza misonkho ndi kugawa makontirakiti popanda mtolankhani womvetsera.

Maganizo oti nyuzipepala ikhale m'manja mwa bungwe losafuna phindu anayamba mavutowa asanabwere. Nelson Poynter, mwini wa St. Petersburg Times ku Florida, ankaopa kuti akadzamwalira nyuzipepala yake idzagulidwa ndi makampani akutali osalabadira za mzindawo. Mu 1975 anatsegula sukulu yaing'ono ya atolankhani, ndipo atamwalira mu 1978 masheya ake ambiri anapita kusukuluyo, yomwe lero imatchedwa Poynter Institute. Nyuzipepalayo, imene tsopano ndi Tampa Bay Times, inapitiriza kuchita malonda ndi kukhoma msonkho, koma ulamuliro wake sunalinso m'manja mwa achibale. Poynter anakonzanso zoti ulamuliro ukhale mwa munthu mmodzi amene azisankha yekha womulowa m'malo. Woyamba anali mkonzi Eugene Patterson.

Njira imene inadzafala pambuyo pake inatsamira pa lamulo la misonkho. Ndime 501(c)(3) imalola bungwe la maphunziro kapena lachifundo kusakhoma msonkho, ndipo wopereka mphatso kubungwelo amachotseredwako msonkho wake. Pobwezera, bungwelo siliyenera kuuza anthu woti amuvotere. Nyuzipepala za ku America zinazolowera kulengeza amene zikumukonda pachisankho, choncho kulowa m'ndimeyi kunatanthauza kusiya mwambo wakalekale.

Ena mwa oyamba kuyesa anali timagulu ta pa intaneti. Voice of San Diego inayamba mu 2005 ndi ndalama za Buzz Woolley, mothandizana ndi Neil Morgan, mtolankhani wakale wa mumzindawo. MinnPost inatsatira mu 2007 ku Minneapolis pansi pa Joel Kramer, yemwe kale ankatsogolera Star Tribune. Mu 2009 mabungwe otere 27 anakumana ku Pocantico m'chigawo cha New York n'kupanga mgwirizano umene lero ndi Institute for Nonprofit News, wokhala ndi mamembala mazanamazana.

Chitsanzo chimene ambiri anatengerapo nzeru ndi Texas Tribune, yomwe inayamba mu Novembala 2009. John Thornton, katswiri woika ndalama m'makampani atsopano ku Austin, anafufuza ngati kugula nyuzipepala kungamupindulire, ndipo anapeza kuti nkhani za kunyumba ya malamulo ndi za m'makhonsolo sizingadzilipirirenso pamsika. Anaziona ngati chinthu cha onse, choyenera kusonkheredwa. Anaikapo madola 1 miliyoni a m'thumba mwake n'kukopa Evan Smith, mkonzi wa magazini ya Texas Monthly, kuti atsogolere. Luso la Smith linali kukana kudalira thumba limodzi. Ndalama zinkachokera kumabungwe achifundo, kwa anthu olemera, kwa owerenga osonkha pang'onopang'ono, kumakampani, ndi kumsonkhano waukulu wapachaka umene unayamba mu 2011. Nkhani zake ankazipereka ulere kwa nyuzipepala zina za ku Texas. Chofunika koposa, nkhani ikatchula munthu kapena kampani imene inaperekapo ndalama, pansi pake amalembapo poyera. Lamuloli limaoneka laling'ono, komatu ndi limene limateteza mtolankhani, chifukwa mtsogoleri wa bungwe lotere amadya ndi opereka madzulo, m'mawa n'kulola kuti omwewo alembedwe zowawa. Ngakhale zinali choncho, mu 2023 Texas Tribune inachotsa antchito 11, koyamba m'mbiri yake.

Kenaka nyuzipepala zakale zinayamba kulowa njira yomweyi. Mu Januwale 2016 Gerry Lenfest, amene analemera ndi bizinesi ya wailesi yakanema, anapereka Philadelphia Inquirer kubungwe latsopano pamodzi ndi madola 20 miliyoni. Mu 2019 Paul Huntsman anasandutsa Salt Lake Tribune kukhala bungwe losafuna phindu, ndipo inali nyuzipepala yoyamba yaikulu yatsiku ndi tsiku kuloledwa kutero. Mu 2022 Chicago Sun-Times inatengedwa ndi Chicago Public Media, eni wailesi ya WBEZ. Ku Baltimore zinayenda mwina. Stewart Bainum, mpondamatiki wa mahotela, analephera kugula Baltimore Sun pamene kampani ya Alden Global Capital, yodziwika ndi kuchepetsa antchito, inatenga kampani ya Tribune, eni a nyuzipepalayo, mu 2021. Iye analonjeza madola 50 miliyoni n'kuyambitsa Baltimore Banner mu 2022. Banner imalipiritsa owerenga, ndipo mu 2025 inalandira mphoto ya Pulitzer chifukwa cha nkhani za imfa zobwera ndi mankhwala osokoneza bongo mumzindawo.

Opereka nawo anayamba kusonkhana. Mu 2019 Thornton ndi mtolankhani Elizabeth Green anakhazikitsa American Journalism Project, imene ndalama zake zambiri zimalemba ntchito anthu osaka thandizo ndi oyendetsa bizinesi, poona kuti timabungwe tambiri tinali ndi alembi aluso koma opanda wodziwa kusunga chuma. Mu Seputembala 2023 opereka 22, motsogozedwa ndi MacArthur Foundation, analengeza Press Forward, lonjezo la madola oposa 500 miliyoni pa zaka zisanu. Ndi ndalama zambiri, koma poyerekeza ndi mabiliyoni amene anatayika kwa otsatsa chaka chilichonse, zimangotseka kachigawo kochepa.

Zimene zinachitika ku Houston zikusonyeza kuti mphatso yaikulu payokha sikwanira. Houston Landing inayamba mu 2023 ndi madola oposa 20 miliyoni ochokera kumabungwe monga Houston Endowment, Kinder Foundation ndi Arnold Ventures. Kumayambiriro kwa 2024 mkulu wa bungwelo anachotsa mkonzi wamkulu, zomwe zinakhumudwitsa atolankhani ake. Ndalama zochokera kwa owerenga ndi otsatsa sizinakule molingana ndi zowonongedwa, ndipo mu Meyi 2025 bungwelo linatseka, antchito oposa 40 n'kutsala pamsewu. Linakula msanga anthu a mumzindawo asanalitenge ngati lawo.

Vuto lina ndi la kumene ndalama zimagwera. Mabungwe achifundo ndi anthu olemera ali m'mizinda ikuluikulu, pamene maboma opanda nyuzipepala ambiri ndi akumidzi ndi osauka. Report for America, imene inayamba mu 2017, imatumiza atolankhani achinyamata kunyuzipepala zazing'ono n'kulipira gawo la malipiro awo, otsalawo n'kusonkhedwa ndi nyuzipepalayo ndi anthu a m'deralo. National Trust for Local News inasankha kugula nyuzipepala zenizenizo. Mu 2021 inatenga 24 za ku Colorado, ndipo mu 2023 inagula Portland Press Herald ndi zina zambiri za ku Maine. Mu 2025 inagulitsanso 21 mwa za ku Colorado zija kwa kampani yochita malonda ya ku Arizona.