Chidindo cha ku Edo, chitenge cha ku Kafue

Ambiri amati chithunzi chodindidwa chambirimbiri si luso, ndi malonda chabe. N'chifukwa chake chitenge chikasuluka timachisandutsa chokolopera popanda chisoni. Mbiri ya ukiyo-e, zithunzi zimene anthu a ku Japan ankadinda ndi matabwa osema, imatsutsa maganizo amenewa, ndipo Kafue, tauni ya m'Zambia imene inadyerapo m'kudinda nsalu, iyenera kutchera khutu.

Ntchitoyi inakula mumzinda wa Edo, lero Tokyo, m'zaka za m'ma 1600, poyamba ndi inki yakuda yokha. Mu 1765 Suzuki Harunobu anatchukitsa kudinda mitundu yambiri, kuyambira pa makalendala. Wojambula ankapereka chithunzi kwa wosema, wosema n'kuchimata chafufumimba pa thabwa la mtengo wa cherry n'kumagoba mozungulira mzere uliwonse, utoto uliwonse thabwa lakelake. Wodinda ankayala pepala lonyowa pang'ono n'kulitikita ndi kachipangizo kobulungira kokutidwa ndi khungwa la nsungwi. Nkhani ankazitapa m'mabuku akale monga Genji Monogatari la Murasaki Shikibu, ndi m'nyengo za chaka: wojambula Hiroshige anayamba mu 1856 zithunzi zoposa 100 za malo a mu Edo, zosanjidwa motsatira nyengo zinayi. Chithunzi chimodzi chinkagulidwa pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa mbale ya chakudya cha pamsewu.

Kafue inalowa m'mbiri ya kudinda ufulu wa 1964 utabwera, pamene boma linaikonza kukhala tauni ya mafakitale, ina ya feteleza, ina ya nsalu. Thonje la alimi a m'Zambia linkasanduka chitenge pomwepo. Kuyambira 1991 malonda atatsegulidwa, mabelo a salaula ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira m'misika, makina okalamba analephera kupikisana nazo, ndipo ntchito zinayamba kutha. Ochotsedwa anadikira ndalama zawo zopumira kwa zaka, nkhani imene manyuzipepala analemba mobwerezabwereza, ndipo inali yoyenera kulembedwa. Chondipweteka n'chakuti m'zolemba zonsezo simumva dzina la munthu amene ankajambula maluwa a pa nsaluzo.

Wina anganene kuti chitenge n'cha makina pamene ukiyo-e inali ya manja. Komatu Hokusai, mwini wa chithunzi chotchuka cha funde cha m'ma 1830, sankasema kapena kudinda yekha. Ankagwira ntchito pansi pa wamalonda wofuna phindu, monga wojambula wa m'fakitale, ndipo nsalu nayo imadindidwa utoto umodziumodzi, ukaphonya pang'ono duwa lapindika. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti Hokusai ankasaina. Mapepala otchipawo anatoleredwa ndi alendo, wojambula Van Gogh anakopera zithunzi za Hiroshige mu 1887, ndipo lero nyumba yosungira zaluso ya ku Boston ili nawo zikwizikwi. Zitenge zodindidwa ku Kafue, zimene zatsala, zili pansi pa masutikesi a agogo, zopindidwa pamodzi ndi makadi a ubatizo.