Kodi ndalama ya foni yanu imakafika bwanji ku San Diego?

FUNSO: Ndinamva kuti ku America kuli kampani imene imadyerera pa mafoni amakono ogulitsidwa padziko lonse, ngakhale mafoniwo siipanga iyo. Zimenezi zinayamba bwanji?
Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO: Munamva zoona. Kampaniyo ndi Qualcomm, imene Irwin Jacobs, Andrew Viterbi ndi anzawo asanu anaikhazikitsa mu 1985 mumzinda wa San Diego. Luso lawo linali CDMA, njira yolola mafoni ambiri kulankhula nthawi imodzi pa mafunde amodzimodzi a wailesi popanda kusokonezana. Akatswiri ambiri ankati sizingatheke. Mu 1993 njirayi inavomerezedwa ku America, ndipo mu 1995 netiweki yoyamba yamalonda inatsegulidwa ku Hong Kong. Pamene 3G imabwera, inamangidwa pa CDMA yomweyo.

Wotulukira luso latsopano amalembetsa patenti, chikalata chomupatsa umwini kwa zaka 20. Ofuna kuligwiritsa ntchito amamulipira, monga mawailesi amalipirira oimba kudzera ku COSOMA akaulutsa nyimbo zawo. Koma wailesi ikhoza kusiya nyimbo yodula n'kuika ina. Wopanga foni alibe kothawira: luso likalowa m'malamulo a netiweki amene makampani onse anagwirizana, foni yosalitsata siigwira netiweki, basi. N'chifukwa chake mabungwe oika malamulowa, monga ETSI ya ku Ulaya, amauza eni mapatenti kuti alonjeze kupereka chilolezo kwa aliyense pa mtengo woyenera, mopanda tsankho. Kuti woyenerawo ndi zingati, sanatchule. Milandu yambiri yachokera pamenepa.

Mu 1999 Qualcomm inagulitsa gawo lake lopanga zida za netiweki kwa Ericsson, kenako lopanga mafoni kwa Kyocera. Inatsala ndi zazikulu ziwiri: ma chip ndi mapatenti.

FUNSO: Ngati ndalamayo imabwera yokha chonchi, eni masheya amadandauliranji?

YANKHO: Chifukwa ndalama yobwera mosavuta ndi imene anthu amaikana msanga. Qualcomm imawerengera gawo lake pa mtengo wa foni yonse, osati pa kachip kokha. Kwa nthawi yaitali gawolo linkafika pa 5 peresenti. Opanga mafoni amafunsa kuti: tikaika kamera yabwino kapena galasi lodula foni n'kukwera mtengo, a Qualcomm achitapo chiyani kuti adye zambiri? Qualcomm imayankha kuti popanda netiweki kamerayo ilibe kotumiza zithunzi. Ine ndimaona kuti onsewa ali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake maloya alemerapo.

Mu February 2015 boma la China linailipiritsa chindapusa cha madola pafupifupi 975 miliyoni, n'kuikakamiza kuwerengera gawo lake pa 65 peresenti yokha ya mtengo wa foni yogulitsidwa m'dzikolo. Chaka chomwecho kampani ya Jana Partners, imene inali ndi masheya ambiri, inati ndi bwino kung'amba Qualcomm pawiri, ma chip kwaokha, mapatenti kwaokha. Akuluakulu a Qualcomm anakana. Mu December 2016 South Korea nayo inaimenya chindapusa cha madola oposa 850 miliyoni.

Nkhonya yaikulu inachokera kwa Apple. Mu January 2017 inasumira Qualcomm, ndipo patapita miyezi ingapo makampani oipangira iPhone, monga Foxconn, anasiya kulipira. Kasitomala mmodzi yekha anatseka mpopi, ndalama za mabiliyoni n'kuleka kubwera kwa zaka ziwiri. Apa ndi pamene eni masheya anaona kuti gawo lobweretsa phindu lochuluka, limene pa madola 10 aliwonse olowa pafupifupi 7 amakhala phindu, likudalira makasitomala owerengeka ndi zigamulo za majaji. Apple ndi Qualcomm atagwirizana pa 16 April 2019, Apple inalipira madola oposa 4 biliyoni ndipo masheya a Qualcomm anakwera ndi 23 peresenti tsiku limodzi. Mwezi wotsatira, pa mlandu wina, jaji Lucy Koh anagamula kuti malonda a Qualcomm akuphwanya malamulo a mpikisano. Khoti la apilo linagwetsa chigamulocho mu August 2020. Munthu wogula masheya otere amawerenga nkhani za kukhoti kuposa za kufakitale.

FUNSO: Nanga ife ogula Tecno ndi itel zikutikhudza?

YANKHO: Zikhoza kutero. Mafoni ambiri a Transsion, kampani ya ku China yopanga Tecno, itel ndi Infinix, ali ndi ma chip a MediaTek kapena Unisoc. Koma Qualcomm imati chip chikhale cha aliyense, foni ikamagwira 4G kapena 5G ikugwiritsa ntchito luso lake. Mu 2024 inasumira Transsion ku India pa nkhani ya mapatenti. Pa foni yotchipa phindu ndi lochepa kale, ndiye wopanga akalipira zambiri, ndalamayo amakaitenga kwa wogula.

Apple nayonso ili pa msampha womwewo. Mu 2019 inagula gawo la Intel lopanga ma chip a netiweki pa madola 1 biliyoni, ndipo mu February 2025 inatulutsa chip chakechake, C1, mu iPhone 16e. Ma chip a Qualcomm ikhoza kusiya kugula, koma za mapatenti ikulipirabe. Pangano lawo litha mu March 2027, ndipo eni masheya akudikira kuona ngati Apple idzasaine lina mwamtendere kapena idzayambenso ya 2017 ija.