Wapolisi ndi Woyendetsa Galimoto: Mbiri ya Malamulo a pa Mseu ku America

Wapolisi akaimitsa galimoto usiku, pamakomana anthu awiri amantha. Wapolisi sadziwa cimene ciri m'galimotomo, kaya ndi mfuti kaya ndi mwana wogona. Woyendetsa nayenso sadziwa cimene ciri m'mtima mwa wapolisi. Ku United States, dziko la magalimoto ambiri ndi mfuti zambiri, oweruza akhala zaka pafupi-fupi 100 alikuyesa mantha awiriwa, kuti aone malire a mphamvu ya wapolisi.

Lamulo lakale la dzikolo, la caka ca 1791, linaletsa boma kugwira munthu kapena kufufuza katundu wace popanda cifukwa comveka. Koma amene analilemba anadziwa nyumba ndi ngolo za akavalo zokha. Nyumba imalinda mpaka wapolisi atakatenga kalata ya woweruza, galimoto silinda.

Mlandu waukuru woyamba unabuka cifukwa ca mowa, pakuti kuyambira 1920 kufikira 1933 malonda a mowa anali oletsedwa m'dziko lonselo. Mu 1921 anchito a boma anaimitsa galimoto ya George Carroll pa mseu wa pakati pa Detroit ndi Grand Rapids, napeza mabotolo 68 a mowa waukali obisika m'mpando. Mu 1925 Bwalo Lalikuru la ku Washington linaweruza kuti galimoto ikhoza kufufuzidwa popanda kalata, malinga pakhale cifukwa ceni-ceni coganizira kuti yanyamula zoletsedwa.

Pambuyo pace oweruza anayang'ana moyo wa wapolisi. Mu mzinda wa Philadelphia apolisi awiri anaimitsa Harry Mimms cifukwa nambala ya galimoto yace inali itatha nthawi. Mmodzi anamuuza kuti aturuke, ndipo poona cotupa pansi pa jekete lace, anampapasa napeza mfuti yodzaza zipolopolo. Mu 1977 Bwalo linati wapolisi amene waimitsa galimoto mwa lamulo akhoza kuuza woyendetsa kuti aturuke. Linati kuturuka ndi bvuto laling'ono kwa woyendetsa, koma kwa wapolisi ndi nkhani ya moyo, popeza munthu ali poyera manja ace amaoneka, ndiponso awiriwo akhoza kupatuka kulankhulira kumbali kwa mseu. Mu 1997 mphamvu yomweyo inafikanso kwa okwera nao.

Tsono mphamvu yopanda malire imasanduka nkhanza. Mu 1976 wapolisi wa m'cigawo ca Delaware anaimitsa William Prouse, napeza camba m'galimoto. Atafunsidwa m'bwalo, anabvomera kuti sanaone colakwa ciri conse. Anangofuna kuona laisensi ndi makalata a galimoto. Mu 1979 Bwalo Lalikuru linakana macitidwe otere. Wapolisi sayenera kusankha galimoto monga mwa kukonda kwa mtima wace, ngakhale kuti kutseka mseu ndi kufunsa magalimoto onse mofanana Bwalolo silinaletse.

Panatsala funso la nthawi. Mu 2012, pakati pa usiku, wapolisi wa ku Nebraska anaimitsa Dennys Rodriguez cifukwa galimoto yace inapatukira kunja kwa mzere. Atampatsa kalata ya cenjezo, anamsunganso mphindi 7 kapena 8 kuti garu anunkhize galimoto, ndipo anapezadi mankhwala oletsedwa. Komabe mu 2015 Bwalo linati nchito imene anamuimitsira ikatha, munthu azipita, pokha-pokha ngati pali cifukwa cina comkayikira.

Mdani wina wa wapolisi sali m'galimoto yoimitsidwayo, koma m'magalimoto opitirira pa liwiro. Mu 1994 James Garcia, wanchito wa ambulansi ku South Carolina, anagundidwa alikuthandiza pa ngozi, ndipo mlandu unagwera iye mwini, cifukwa panalibe lamulo lomteteza. Iye sanakhale cete, ndipo mu 1996 cigawo cimeneco cinaika lamulo loteteza onse ogwira nchito ya cipulumutso pa mseu. Pofika 2012 zigawo zonse 50 zinali ndi malamulo a mtundu umenewu: woyendetsa akaona nyali za apolisi kapena za ambulansi zirikung'anima m'mbali mwa mseu, apatukire ku mzere wina, kapena acepetse liwiro.

Malamulo amenewa sanathetse imfa zonse. Mu 2016 Philando Castile, munthu wakuda wa ku Minnesota, anaomberedwa ndi wapolisi ali cikhalire m'galimoto, atangonena kuti ali ndi mfuti. Imfa yace inautsa mkwiyo m'dziko lonse, ndipo anthu akuda ambiri amadandaula kuti iwo ndiwo amaimitsidwa kawiri-kawiri. Lamulo linaika malire, koma pa mseu pamakhala anthu awiri okha, ndipo cimene lamulo lifuna ndi cakuti onse awiri akafike kwao ali moyo.