Mbiri ya Sukulu ya Kamuzu Academy ndi Makhozedwe a Ana Ake

Amayi anzanga ndi mabanja athu onse, palibe nakubala amene amagona tulo tabwino pamene mayeso a mwana wake ayandikira. Ambiri a ife tidalekezera ku pulayimale, ena chifukwa cha fizi, ena chifukwa makolo ankati mwana wamkazi sapita patali ndi sukulu. Komabe tonsefe timalakalaka kuti ana athu apitirire pamene ife tidalekezera. Nchifukwa chake ndati tikumbutsane mbiri ya sukulu imodzi ya sekondale imene dzina lake lidamveka mpaka kutsidya kwa nyanja, ndiyo Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Mbiri yakeyi ili ndi zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo ndizinena zonse.

Mwana wa pansi pa kachere

Ku Mtunthama, kum'mawa kwa tauni ya Kasungu, kuli mtengo wa kachere. Pansi pa mtengo umenewu mpamene Kamuzu Banda adayambira kuphunzira ali kamnyamata, pa kasukulu ka m'mudzi ka Mishoni ya Livingstonia. Atachoka pamenepo adakapitiriza pa Chilanga.

M'chaka cha 1915 mnyamatayu adakhala pa mayeso ofuna kulowera maphunziro a uphunzitsi. Pokhala wamfupi, ndiponso atakhala kumbuyo, adaimirira kuti aone bwino mafunso amene adalembedwa pa bolodi. Woyang'anira mayeso, M'busa T. Cullen Young, adaganiza kuti akuonera kwa mnzake, ndipo adamtulutsa. Pasanapite nthawi yaitali mnyamata uja adachoka kwawo, nayenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, dziko limene lero likutchedwa Zimbabwe. Kenaka adafika ku Joni kumene adagwira ntchito ku migodi.

Mu 1925 adapeza mwayi wopita ku America. Adaphunzira pa Wilberforce m'chigawo cha Ohio, kumene adakonda kwambiri Chilatini. Adatenga digiri ku yunivesite ya Chicago mu 1931, natsiriza udokotala ku Meharry mu 1937, ndipo adakaonjezeranso ku Edinburgh, ku Scotland. Adabwera kumudzi pa 6 July 1958, ndipo ndiye adatsogolera dziko lino polandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Tsono amene adamanga sukulu imene tikukambayi adali munthu wodziwa kuwawa kwa kutsekeredwa khomo la maphunziro.

Masukulu a sekondale asanachuluke

Pamene Kamuzu ankachoka ku Kasungu, m'dziko lonse la Nyasaland mudalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Yoyamba idali Blantyre Secondary School, imene idatsegulidwa mu 1940. Idatsatira ya Akatolika ku Zomba mu 1942, kenaka ya Boma ku Dedza mu 1951. Malo adali ochepa zedi, ndipo atsikana opeza malowo ankachita kuwerengeka ndi zala. Titalandira ufulu masukulu adaonjezereka m'maboma, komabe ana ambiri okhoza Sitandade 8 ankangobwerera kumudzi kapena kubwereza kalasi kawiri katatu podikira kusankhidwa.

Kutsegulidwa kwa sukulu

Kamuzu Academy idatsegulidwa pa 21 November 1981, pafupi ndi kachere uja. Anthu amene adaiona koyamba adagwira pakamwa. Pakati pa minda ya fodya ndi chimanga padaima nyumba zikuluzikulu za njerwa, nsanja ya wotchi, nyumba yopemphereramo, holo yaikulu, zipinda zoyeseramo za sayansi, dziwe losambiramo, mabwalo a masewera, ndi damu lochita kukumba kutsogolo kwake. Laibulale yake adaimanga motengera laibulale yaikulu ya ku Washington, ku America. Manyuzipepala a kunja adaitcha kuti Eton ya mu Africa, poifanizira ndi sukulu yotchuka ya ku Mangalande kumene amaphunzirako ana a anthu olemera ndi a banja lachifumu. Mawu a pa chizindikiro chake ali m'Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti ulemu upite kwa Mulungu ndi ku dziko la makolo.

Koma chachikulu sichidali nyumbazo ayi. Chachikulu chidali kasankhidwe ka ana. Masiku amenewo dziko lino lidali ndi maboma 24, ndipo chaka ndi chaka ankatenga ana ochepa okhoza koposa m'boma lililonse, anyamata ndi atsikana omwe. Sankafunsa kuti bambo wako ndani kapena ali ndi ng'ombe zingati. Mwana wa mlimi, wa msodzi kapena wa mayi wamasiye ankatha kulowa, ndipo makolo sankalipira fizi. Chakudya, pogona, mabuku ndi yunifolomu, zonse ankazipeza komweko. Mwana amene dzulo lake ankapita ku sukulu wopanda nsapato, ankapezeka atavala jekete ndi tayi, akudya ndi mpeni ndi foloko.

Maphunziro ake adali a zaka 6, kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 6. Kuonjezera pa masamu, sayansi, mbiri yakale, Chingerezi ndi Chifalansa, mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki chakale. Kamuzu ankanena kawirikawiri kuti munthu sangatchedwe wophunzira kwenikweni ngati sadziwa zilankhulo zimenezi. Nzoona kuti mawu ambiri a madokotala ndi a oweruza milandu adachokera m'zilankhulo ziwirizi, ndiponso Chipangano Chatsopano chidalembedwa koyamba m'Chigiriki.

Zimene zinkawawa

Tisabise, padali zinthu zimene anthu ankadandaula nazo cham'mimba. Choyamba, Kamuzu adalamula kuti aphunzitsi akhale Azungu okhaokha, ambiri ochokera ku Britain. Mmalawi, ngakhale akhale ndi madigiri, sankaloledwa kugwira choko pa sukuluyi. Izi zidapweteka mitima ya aphunzitsi athu, pakuti ana okhoza bwino aja adawaumba ndi iwo omwe ku pulayimale.

Chachiwiri, Chichewa, chimene chidakhazikitsidwa mu 1968 kukhala chilankhulo cha dziko lino pamodzi ndi Chingerezi, sichidapatsidwe malo pa sukuluyi. Ana ankayenera kulankhula Chingerezi.

Chachitatu, ndalama zimene zinkapita pa sukulu imodziyi zidali zochuluka kwambiri, pamene m'midzi yoyandikana nayo ana ankaphunzira atakhala pansi, ena pansi pa mtengo monga adachitira mwini wake kalelo. Koma imeneyo idali nthawi ya chipani chimodzi. Kuyambira 1971 Kamuzu adali Pulezidenti wa muyaya, ndipo munthu wofunsa mafunso otere ankatha kutsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Motero anthu ankangoyang'ana.

Makhozedwe a ana

Pokamba za makhozedwe tiyambe tamvetsa kuti ana a pa Academy salemba mayeso ofanana ndi a ana athu ambiri. M'masukulu a Boma ndi a mishoni, mwana amalemba MSCE pa Folomu 4. Amene amakonza mayesowa ndi a MANEB. Pa phunziro lililonse mwana amapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo amawerengera maphunziro 6 amene wachita bwino koposa. Wopeza mapointi 6 ndiye kuti wakhoza mosaonjezera.

Pa Academy amalemba mayeso a Cambridge, ochokera ku Mangalande, omwe amalembedwanso ndi ana a m'maiko ambiri pa dziko lapansi. Poyamba amalemba IGCSE, ndipo pomaliza amalemba A Level. M'malo mwa manambala amapatsidwa malemba, A* kukhala wapamwamba, kenaka A, B, C, mpaka mmunsi. Ubwino wa A Level ndi wakuti mwana amasankha maphunziro ochepa, monga atatu kapena anayi, nawaphunzira mozama kwa zaka ziwiri. Akakhoza bwino, mayunivesite a kunja amamlandira.

Chotero sitingaike zotsatira za mayeso awiriwa pa sikelo imodzi. Chimene chikuoneka poyera ndi zipatso. Ana a m'midzi amene adasankhidwa zaka zoyamba zija adalemba mayeso a kwa Azungu, m'chilankhulo chimene sadayamwe, ndipo adakhoza. Ambiri adalowa ku yunivesite ya Malawi, ena adapita ku Britain ndi maiko ena. Mwa iwo mudatuluka madokotala, maloya, mainjiniya ndi aphunzitsi a m'makoleji.

Nditchule awiri odziwika. Mayi Catherine Gotani Hara adaphunzira pa Academy asanapite ku Chancellor College, ndipo mu June 2019 adasankhidwa kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, mayi woyamba kukhala pa mpando umenewu m'dziko muno. Wina ndi Bambo Samson Kambalu, katswiri wa zojambula ndi zosemasema amene adafika pophunzitsa ku yunivesite ya Oxford. Mu September 2022 chipilala chimene adakonza, choonetsa M'busa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, chidaimikidwa pa bwalo la Trafalgar pakati pa mzinda wa London, ndipo chidakhala pamenepo mpaka 2024.

Nanga chinsinsi chake chidali chiyani? Palibe mankhwala ayi. Ana adali osankhidwa kale, okhoza koposa. Ankadya katatu pa tsiku. Ankagona pa sukulu pomwepo, osayenda mtunda wautali m'mawa, osayamba kaye apita kumunda kapena kuchitsime. Kalasi idali ya ana ochepa, kotero kuti mphunzitsi ankamdziwa aliyense ndi dzina lake ndi pamene akufooka. Mabuku adalipo okwanira, magetsi owerengera usiku adalipo, ndipo za sayansi ankaziyesa ndi manja awo, osati kungomva m'makutu.

Tsono tikamamva kuti pa mayeso a MSCE a 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, ana 41 okha mwa 100 alionse ndiwo adakhoza, ndi kuti mu 2023 adali 54 mwa 100, tisafulumire kunena kuti ana a masiku ano ndi mbuli. Tidzifunse kaye kuti mwa zinthu ndatchulazi, iwo adali nazo zingati.

Nyengo itasintha

Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha pa 17 May 1994 Kamuzu adagonja kwa a Bakili Muluzi. Boma latsopano lidaika mtima pa maphunziro aulere a ku pulayimale. Ana olembetsa adakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni. Thandizo lopita ku Academy lidauma, ndipo Kamuzu atamwalira pa 25 November 1997, anthu ambiri adaganiza kuti sukuluyi itsekedwa.

Sidatsekedwe. Idapulumuka posanduka sukulu yolipira. Aphunzitsi Achimalawi adayamba kuphunzitsapo, ndipo adaonetsa kuti ntchitoyo ankaitha kuyambira kale. Mayeso a Cambridge adapitirira, Chilatini ndi Chigiriki sizidatayidwe, ndipo dzina la sukuluyi pa makhozedwe silidagwe. Koma khomo lake lidasintha. Kale ankalowa ndi nzeru zokha, tsopano padafunikanso thumba lolemera, pakuti fizi yake mlimi wamba sangaikwanitse ngakhale atagulitsa fodya yense. M'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene adalamulira kuyambira 2004 mpaka 2012, Boma lidayambanso kulipirira ana ena okhoza bwino ochokera m'maboma, koma adali ochepa poyerekeza ndi olipira okha.

Mnyamata wa ku Wimbe

M'boma lomwelo la Kasungu, ku Wimbe, dera loyandikana ndi Mtunthama, kudakulira William Kamkwamba, amene adabadwa mu 1987. Pa njala ya 2001 ndi 2002 adasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Sadakhale chete pakhomo. Ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawoko, ndipo poona zithunzi za m'buku la sayansi adapanga makina oyendera mphepo opatsa magetsi, pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotola. Mbiri yake itamveka, anthu akufuna kwabwino adamthandiza kubwerera ku sukulu, mpaka adatenga digiri ku Dartmouth College, ku America, mu 2014.

Taonani amayi: mwana wanzeru chotere adali pafupi ndi sukulu yokongola koposa m'dziko muno, koma adangotsala pang'ono kutayika chifukwa cha ndalama zochepa. Iye adaoneka. Nanga ndi angati, makamaka atsikana, amene palibe adawaona, nakwatiwa ali ana?

Mbiri ya Kamuzu Academy yatitsimikizira kuti mutu wa mwana wa kumudzi ulibe chilema. Ukampatsa chakudya, buku, nyali ndi mphunzitsi, amapikisana ndi mwana wa dziko lililonse. Ife sitingamange nsanja ya wotchi kapena kukumba damu. Koma phala la m'mawa tingaphike. Tingamchepetsere mtsikana ntchito za madzulo kuti apeze nthawi yowerenga. Tingapite ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, tikafunse ngati mabuku alipo. Tingasonkherane kangachepe kogulira yunifolomu ndi makope a mwana wamasiye wa m'mudzi mwathu. Paja akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Tikaona mwana waimirira kuti aone bwino pa bolodi, tisamtulutse. Timsendeze kutsogolo.