Makiyi Sanade, Achita Chikasu

Amene amasunga ma synthesizer akale, monga Yamaha DX7 ya mu 1983 kapena Roland Juno-106 ya mu 1984, amadziwa kuti makiyi ake oyera aja sakhalitsa ali mbee. Pakapita zaka amasanduka achikasu. Ambiri akaona zimenezi amangoti, "Makiyi ada." Mawuwa ndi olakwika, ndipo amasocheretsa manja. Chimene chada timachitsuka, choncho munthu amatenga sopo ndi burashi nkukwecha mpaka kukanda pulasitiki, chikasu osachoka.

Litsiro limakhala pamwamba: thukuta la zala, fumbi, utsi wa fodya wa m'malo ovinira. Limenelo kansalu konyowa kamachotsa. Chikasu chimabadwa mu pulasitiki mwenimwenimo. Zida zambiri za nthawi imeneyo anazipanga ndi pulasitiki wa mtundu wa ABS, amene kuwala kwa dzuwa, kutentha ndi mpweya zimamusintha pang'onopang'ono. Tizinena kuti makiyi achita chikasu. Tisamatinso asuluka. Chimene chimasuluka ndi chitenje, utoto wake ukathawa ndi dzuwa ndi kuchapa. Kumeneko mtundu wachoka, kuno mtundu wabwera.

Cha m'ma 2008, okonda makompyuta akale monga Commodore Amiga anafalitsa njira imene anaitcha Retr0bright. Amazula makiyi limodzilimodzi, nkuwatsuka, kenako nkuwaviika kapena kuwapaka hydrogen peroxide, yemwe uja amawalitsira tsitsi ku saluni. Akatero amawayanika padzuwa kapena pansi pa nyale ya UV kwa maola angapo, iwo atavala magolovesi chifukwa mankhwalawa amawaula khungu. Makiyi amatulukadi oyera.

Apa ndiye pamene lilime limaterereka. Wina amati "tabwezeretsa mwakale," winanso "takonza." Mawu oyenera ndi akuti "tayeretsa." Mankhwalawa amagwira kachikopa kapamwamba kokha, pulasitiki sabwerera ku unyamata wake. Nthawi zambiri chikasu chimadzabweranso pakapita zaka, ngakhale chidacho chitasungidwa mumdima. Ukapaka mosalinganiza, makiyi amatuluka amawangamawanga, ndipo zilembo za pa mabatani zikhoza kufufutika. Kubwezeretsa ndi lonjezo lalikulu limene peroxide sangalikwanitse. Kukonza nakonso kuli ndi malo ake: timakonza kiyi wosalira, waya woduka, batani lokanirira. Kiyi wachikasu amalira chimodzimodzi ndi woyera, ndiye palibe chimene chinawonongeka kumakutu.

Tisamalenso mawu atatu awa: yakale, yachikale, yakutha. Yakale imangotiuza zaka. Yachikale ndi imene anthu aitaya chifukwa nyengo yake yapita. Yakutha ndi imene yatopa ndi ntchito. Minimoog ya mu 1970 ndi yakale ndithu, koma oimba akuifunafunabe ndipo amaigula modula. Kuitcha yachikale nkuinyoza, kuitcha yakutha nkuinamizira.

Ena anganene kuti uku nkukokera nkhani pachabe, poti tonse timamvana. Timamvana pocheza, koma pamalonda mawu amasanduka ndalama. Wogulitsa kiyibodi akakuuzani kuti "yakonzedwa yonse," mufunseni bwinobwino: mwaitsuka, mwaiyeretsa kapena mwaikonza? Ntchito zitatuzi nzosiyana, ndipo mtengo wake suyenera kufanana.