Mandela ndi Bwalo la ku Mqhekezweni

Akuluakulu amati kuwongola mtengo n'poyamba. Mbiri ya Nelson Mandela wa ku South Africa ikuchitira umboni mwambiwu, pakuti utsogoleri wake unawumbidwa iye akadali mnyamata.

Mandela anabadwa m'chaka cha 1918 m'mudzi wa Mvezo. Bambo ake atamwalira, Mfumu Jongintaba Dalindyebo, amene ankagwirizira ufumu wa Athembu, anam'tenga nakam'lera kulikulu kwake ku Mqhekezweni. Kumeneko mnyamatayu ankaonerera misonkhano ya pabwalo. Mwamuna aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ankaloledwa kuyankhula, ngakhale kudzudzula mfumuyo pamaso pa anthu. Jongintaba ankangomvetsera modekha, ndipo ankayankhula pamapeto, kuwomba mkota ndi kugwirizanitsa maganizo a onse.

Phunziroli linabala zipatso patapita zaka zambiri. Mu 1990 Mandela anatuluka m'ndende momwe anakhala zaka 27, ndipo dziko linali pangozi yogwa m'nkhondo yapachiweniweni. M'malo mobwezera, iye anakhala pansi ndi F.W. de Klerk, mtsogoleri wa boma latsankho, namvetsera nkhawa za azungu pamodzi ndi madandaulo a anthu akuda. Atapambana pachisankho cha 1994, anatsogolera boma laumodzi momwe de Klerk anali mmodzi mwa achiwiri ake, ndipo mu 1999 anatula pansi udindo mwakufuna kwake.

Choncho, luso lomvetsera limene Mandela analiphunzira pabwalo la kumudzi linathandiza kupulumutsa dziko lonse ku chipwirikiti.