Anthu amene anakana kumusiya yekha Charlie

M'chaka cha 1994 munachitika zinthu ziwiri m'matauni awiri a dzina limodzi, Hamilton. Ku Hamilton wa ku New Jersey, m'dziko la America, mtsikana wa zaka 7, Megan Kanka, anagwiriridwa n'kuphedwa mu Julayi ndi bambo wokhala kutsidya kwa msewu wa kwawo. Bamboyo anali atamangidwapo kale pa milandu yokhudza ana, koma makolo a Megan sankadziwa. Mkwiyo wa anthu unabala lamulo lotchedwa dzina la mwanayo, loti anthu aziuzidwa munthu wotere akabwera kudzakhala m'dera lawo, ndipo mu 1996 Pulezidenti Bill Clinton analisaina kuti ligwire ntchito m'dziko lonse. Nkhani imeneyi ambiri anaimva. Ya ku Hamilton winayo, wa ku Ontario m'dziko la Canada, ndi ochepa amaidziwa, ndipo ndi imene inandichititsa kuyamba kukhala pansi ndi amuna amene ambiri a ife sitingafune n'komwe kuwapatsa moni.

M'chaka cha 1994 chomwecho bambo wina dzina lake Charlie amatuluka m'ndende. Anali atamangidwapo kangapo chifukwa chogona ana aamuna, ndipo akatswiri omuyeza ankati mosakayika adzachitanso. Malamulo a ku Canada amalola kuti mkaidi woopsa asatulutsidwe msanga, akhale m'ndende mpaka tsiku lomaliza la chilango chake. Zimamveka zanzeru, koma zili ndi vuto lake: wotulutsidwa msanga amakhala ndi womuyang'anira, malo ogona ndi malamulo oti atsatire, pomwe womaliza chilango chonse, panthawiyo, boma silinkakhalanso ndi chingwe chomugwirira. Motero woopsa kwambiri ndi amene ankatuluka wopanda womulondola. Charlie analibe kwawo, analibe m'bale womudikira pa geti, ndipo moyo wake wambiri kuyambira ali mwana anakhalira m'nyumba zosungira ana ndi m'ndende.

Katswiri wa za maganizo wa kundendeko, Bill Palmer, anaimbira foni m'busa wa kampingo kakang'ono ka Mennonite ku Hamilton, a Harry Nigh, amene ankamudziwa Charlie kuchokera pa ntchito yoyendera akaidi. Abusawo anasonkhanitsa anthu ochepa a mumpingo mwawo. Tauni inali itatentha. Manyuzipepala analemba za kubwera kwa Charlie, apolisi ankamutsatira usana ndi usiku, zithunzi zake zinagawidwa m'masukulu. Anthu ochepa aja anamupezera nyumba, ankadya naye, ankamuperekeza kuchipatala ndi kogula zinthu, ndipo tsiku lililonse mmodzi wa iwo ankamuona kapena kumuimbira foni. Sankamunyengerera. Akaona kuti wayamba kuzembera kumene kuli ana, ankamuuza pamaso. Charlie anamwalira mu Disembala 2005, patatha zaka 11 ali mfulu, asanapalamulenso mlandu wogona mwana.

Miyezi ingapo Charlie atatuluka, ku Toronto kunatulukanso bambo wina wa mbiri yofanana, ndipo m'busa wa kundende, a Hugh Kirkegaard, anachita zomwe zinachitika ku Hamilton. Kenaka bungwe la Mennonite Central Committee ku Ontario linagwirizana ndi nthambi ya boma yoyang'anira ndende, ntchitoyi n'kupatsidwa dzina loti Circles of Support and Accountability. Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Anthu ongodzipereka anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi amapanga bwalo lozungulira munthu mmodzi wotuluka m'ndende. Amalemba pangano: iye alonjeza kuti sabisa kanthu ndipo salakwiranso munthu, iwo alonjeza kuti samutaya. Kumbuyo kwawo kumakhala apolisi, oyang'anira akaidi otulutsidwa ndi akatswiri a za maganizo, oti bwalolo lithamangireko zinthu zikayamba kupendekeka.

Chifundo chokha sichikanandikopa, chifukwa chifundo changa chili kwa ana. Chimene chinandikopa ndi manambala. Mu 2005 Robin Wilson ndi anzake anayerekeza amuna 60 amene anali ndi mabwalo ndi ena 60 a mbiri yofanana amene analibe. Mwa okhala ndi mabwalo, 3 anapalamulanso mlandu wokhudza kugonana. Mwa enawo, 10. Atabwereza kafukufukuyu m'madera ena a Canada, pa amuna 44 mbali iliyonse, anapeza 1 kuno, 6 uko. Otsutsa ananena, ndipo sanalakwe, kuti manambalawa ndi ochepa, komanso kuti mwina ovomera kulowa m'bwalo ndi amene anali atatsimikiza kale mtima kusintha. Boma la Minnesota ku America linayankha funso limeneli pochita maere: linayamba mabwalo ake mu 2008, ndipo mwa amuna ofuna kulowa, ena ankalandira bwalo, ena ayi, mosasankha. Zotsatira zimene Grant Duwe anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti mwayi womangidwanso pa mlandu wotere unatsika ndi 88 pa 100. Kusiyana kwa 3 ndi 10 kuja ndi anthu, ena a iwo ana, amene sanagwidwe ndi munthu.

Kuno ku Britain, kumene ndimakhala, ntchitoyi inafika nthawi yoipa kwambiri. Mu Julayi 2000 mtsikana wa zaka 8, Sarah Payne, anabedwa n'kuphedwa ku Sussex. Nyuzipepala ya News of the World inayamba kusindikiza mayina ndi zithunzi za anthu opezeka olakwa pa milandu yogona ana. Ku Paulsgrove, mumzinda wa Portsmouth, anthu anachita zipolowe masiku angapo, kugenda nyumba ndi kutentha magalimoto, ndipo mabanja ena osalakwa anathawa. Ena mwa amuna osindikizidwa aja anazimiririka, apolisi osadziwanso kumene ali. A mpingo wa Quaker ndi amene anaitana anthu a ku Canada kuti adzafotokoze zomwe akuchita, ndipo mu 2002 boma linapereka ndalama zoyesera mabwalo ku Thames Valley ndi ku Hampshire. Patapita zaka zochepa kunakhazikitsidwa bungwe la Circles UK loyang'anira ntchitoyi ku England ndi ku Wales.

Bwalo limene ndinakhalamo linkakumana madzulo m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, kokhala ndi ketulo ndi mipando ya pulasitiki. Bambo amene tinkamuzungulira anali wa imvi, wolankhula motsitsa mawu, ndipo sabata yonse, kupatula apolisi, ife tokha ndi amene tinkamufunsa kuti wadzuka bwanji. Zambiri zimene tinkakamba zinali zazing'ono: kalata ya lendi imene sankaimvetsa, kaphikidwe ka mpunga, ntchito imene anamukana atangoona mbiri yake. Tsiku lina anangotchula kuti wapeza njira yachidule yopitira ku shopu. Mayi wina wa m'bwalomo, mphunzitsi wopuma, anatsitsa kapu yake ya tiyi n'kufunsa kuti, "Njira imeneyo si yodutsa pabwalo losewerera ana?" Bamboyo anakhala chete, kenaka anavomera. Tinamufunsa nthawi imene amadutsapo, zimene amaganiza akamadutsa, ndi chifukwa chake sanatiuze poyamba. Zonse zinalembedwa n'kupita kwa womuyang'anira, iye akudziwa, chifukwa pangano linali lomwelo. Sabata yotsatira anabweranso. Munthu amene tauni yonse yamuthamangitsa sakhala ndi wina womufunsa za njira yachidule.

Mng'ono wanga wa ku Mchinji nditamuuza pa foni, anati, "Achemwali, mwapenga kodi? Anthu amenewo ngoti awatsekere, kiyi n'kuponya m'madzi." Ndimamumvetsa, ndipo masiku ena ndimamva chimodzimodzi. Koma ambiri mwa iwo amatuluka, kaya ife tifune kaya tisafune, ndipo akatuluka amakakhala pafupi ndi mwana wa munthu wina. Andale amadziwa kuti ndalama zothandizira anthu otere sizibweretsa mavoti, n'chifukwa chake ntchitoyi imakhalira pa ulusi. Ku Canada komwe inabadwira, boma linadula ndalama zambiri za mabwalo mu 2015, ndipo mu 2017 boma lina linaperekanso madola a ku Canada oposa 7 miliyoni oti agwire ntchito zaka zisanu.

Amene anachedwa kukumbukiridwa m'mbiri yonseyi ndi a pabanja. Charlie analibe banja, koma amuna ambiri ali nalo. Apolisi amagogoda m'mamawa, kutenga bambo, mafoni ndi makompyuta, n'kusiya mayi ataima pakhomo ndi ana oti awakonzekeretse kupita kusukulu. Mayiyo sanapalamule kanthu, komabe dzina la msewu wake limatuluka m'nyuzipepala, anzake amasiya kumuyankha, ena amati sizingatheke kuti sankadziwa. Nthawi zina wolakwiridwayo ndi mwana wa m'nyumba momwemo, ndiye mayi mmodzi akulirira anthu awiri amene sangawaike m'chipinda chimodzi. Ku America, Fran Henry, amene iyenso anachitidwa nkhanza zotere ali mwana, anayambitsa Stop It Now mu 1992, poganiza kuti payenera kukhala malo oti munthu wodziopa yekha, kapena woopa zimene m'bale wake akuchita, akalankhule zinthu zisanafike poipa. Bungwe la Lucy Faithfull Foundation linabweretsa ntchitoyi ku Britain mu 2002, ndi nambala ya foni yaulere imene munthu amaimba osatchula dzina lake. Pambuyo pake linayambanso maphunziro a akazi, makolo ndi abale a anthu omangidwa chifukwa cha zithunzi zolaula za ana pa intaneti, komwe amafunsa zimene sangafunse kwina: ana ndiwauze chiyani, ndikhale naye kapena ndichoke, akatuluka ndingadziwe bwanji kuti wayambiranso.

Apa ndi pamene ndimaganizira kwathu. Tonse tikudziwa milandu yogwiririra ana imene imathera pa mphasa, akuluakulu atagwirizana kuti nkhani isatuluke m'banja. Timati ndi umbuli, koma kawirikawiri ndi mantha a mayi amene wawerengera bwino. Akakanena kupolisi, wogula ufa apita kundende, achibale a mwamuna amulanda munda, ndipo kuchigayo azimuloza chala iyeyo. Palibe nambala yoti aimbe, palibe gulu la amayi loti limugwire dzanja mlandu ukamazengedwa. Ndiye amakhala chete, mwana uja n'kupitiriza kugona m'nyumba imodzi ndi munthu amene anamugwira.